Tsiku limene kalendala yanga inayera mbee

Inde, anzanga a kuntchito, uthenga uja wothetsa misonkhano umene munalandira nonse Lachiwiri unachokera pa dzina langa, koma sindinalembe ine. Musanayambe kutumizirana tinkhope toseka, ndiloleni ndifotokoze ndekha, chifukwa nkhaniyi ikumamera nyanga ikamadutsa pakamwa pa ena.

Abwana anandipatsa ntchito yooneka yaing'ono: ndiwunike malangizo a kachida kena ka kalendala tisanakalumikize kwa agent wathu wa AI, pulogalamu imene imatigwirira ntchito yokha tikailamula, kenako ndipereke malikisi pa 10. Ndinatsegula README, fayilo imene opanga chida amalembamo malangizo oti anthu awerenge. Anzanga, chinali chinthu chokongola. Mitu yosanjidwa bwino, zithunzi za mivi yolozerana, zitsanzo zamitundumitundu. Nditamaliza kuwerenga ndinamva ngati ndatenga digiri yachiwiri. Ndinalemba 9, ndipo imodzi yotsalayo ndinangomana dala kuti ndioneke munthu wovuta kusangalatsa.

Chimene ndinaiwala, ine amene ndimaphunzitsa ena zimenezi, n'chakuti agent sawerenga README. Chida chikalumikizidwa kudzera mu MCP, njira yolumikizira zida kwa AI imene inatuluka mu Novembala 2024, iye amangoona dzina la chidacho, mawu ochepa ofotokoza ntchito yake, ndi ndondomeko yotchedwa JSON Schema yonena zimene chimafuna kulandira. Basi. Ine ndinayamikira utoto wa kumaso kwa nyumba, pamene mlendo wake amalowera khomo lakuseri usiku wopanda nyali.

Kukhomo lakuseriko kunali mawu awiri okha a Chingerezi, otanthauza kuti chidachi chimachotsa misonkhano. Pansi pake panali malo otchedwa days, ofuna nambala. Masiku apitawo kapena akubwerawo? Zii. Yankho linalipo ndithu mu README muja, kuti ukafuna zakale uike nambala yokhala ndi minus, ndipo ine ndinawerenga ndikugwedeza mutu. Agent sanauzidwe. Panalinso malo ena otchedwa message, okakamiza kuti ulembepo kanthu, koma osanena kuti uthengawo ukupita kwa yani.

Ndiye ndinati ndiyese kamodzi, kungotsimikiza 9 wanga uja. Ndinamuuza kuti achotse misonkhano yakale ya masiku 30. Iye, mwana womvera, analemba 30. Pa message paja anaganiza yekha zolemba. Chida chinayankha kuti ok, iye n'kundiuza mosangalala kuti wamaliza, ndipo ngati pali china ndingonena.

Ndinayang'ana kalendala. Kumbuyo konse kunali kodzaza monga kale. Kutsogolo, mwezi wathunthu, mbee! Misonkhano imene ndinaitanitsa ine inafafanizidwa, imene ndinaitanidwa inakanidwa, ndipo aliyense analandira mawu omwewo: "Pepani, msonkhanowu ndi wakale ndipo ulibenso ntchito."

Tiime kaye pa chiganizo chimenechi. Wakale ndipo ulibenso ntchito. Chinapita kwa abwana, chokhudza msonkhano wawo wa Lolemba lililonse, uja amaukonda ngati mwana wawo woyamba. Chinapita kwa kasitomala amene takhala tikumunyengerera miyezi yambiri kuti atipatse theka la ola. Chinapita kwa dokotala wa mano. Chinapita ngakhale kwa amene amayenera kukambirana nane zokweza malipiro anga, ndipo iwowo okha ndi amene anayankha msanga kuti agwirizana nazo. Ndipo taonani ulemu wake: chinayamba ndi "pepani". Makinawo anandichotsa ntchito mwaulemu woposa umene ine ndinaonetsapo pa ntchitoyo. Ndinakhala kakasi, ndikuyang'ana kompyuta ikulira ting'i ting'i, mayankho akugwa ngati matalala, ndipo pa chifukwa chimene sindikuchidziwa mpaka lero ndinazimitsa sikirini, ngati kuti intaneti nayo izima.

Ena mukufunsa kuti bwanji ndinayesera pa kalendala yeniyeni. Funso labwino, koma akaunti yoyesera ili ndi pasiwedi imene ndinaiwala, ndipo si ine ndekha muofesi muno. Ena mukuti ndikanayang'ana destructiveHint, kachizindikiro ka mu MCP kosonyeza kuti chida chikhoza kuwononga zinthu. Zoona. Komanso munthu amene amapanga chida choti nambala wamba ifafanize zam'tsogolo, n'kukabisa chenjezo pansi pa chithunzi cha mivi, naye ali ndi mlandu wake. Ndiponso mukaganiza bwino, ntchito yanga inali kupeza ngati malangizowo ali ndi vuto. Ndinalipeza. Palibe amene angatsutse kuti ndinalipeza.

9 uja ndinamusintha kukhala 3. Abwana anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa ngati msonkhano wawo ulidi wakale. Ndinati ayi, akadali watsopano ndithu. Anzanga atatu anabwera padera kudzandinong'oneza kuti makinawo sananame, koma mayina awo sinditchula.

Dokotala wa mano uja wandipatsa tsiku lina mwezi wamawa. Pasiwedi ija sindinaikumbukirebe.