Mwezi wachisanu: mvukuto wayamba kundimvera

Lero ndakwanitsa miyezi isanu chiyambireni kuphunzira kodiyoni ya ku Louisiana, ku America, ija amaimbira nyimbo za Cajun ndi Creole. Kwa inu amene simunaionepo, ndi kabokosi kakang'ono: kudzanja lamanja mabatani 10 pamzere umodzi, kumanzere awiri okha, pamwamba timitu tinayi totsegulira mawu. Yanga ndi ya C.

Chimene chandivutitsa nthawi yonseyi n'chakuti batani lililonse lili ndi mawu awiri. Ukakankha mvukuto, batani lachitatu limalira C. Ukakoka, lomwelo limalira D. Ndinkangoti limeneli ndi vuto lofunika kulizemba, moti ndinkakankha ndi kukoka monyengerera kuti pasamveke pamene ndatembenukira. Nyimbo inkatuluka yoterera bwino, koma yosadzutsa mwendo wa munthu.

Chandisintha maganizo ndi kumvetsera Amédé Ardoin, katswiri wachi Creole amene anajambula nyimbo mu 1929 pamodzi ndi Dennis McGee, woimba vayolini wachi Cajun. Zojambulazo n'zakale, zimachita phokoso ngati mvula padenga la malata, koma tcherani khutu: iye sabisa kutembenuka kwa mvukuto. Kugwedeza komweko ndiye ng'oma yake. Anthu ameneŵa ankaimba m'nyumba zodzaza ovina, popanda zokuzira mawu, ndiye kodiyoni inkayenera kugwira yokha ntchito yoimba ndi yoyendetsa mapazi. Nditazindikira zimenezi ndinasiya kunyengerera. Tsopano ndimaika bokosi pantchafu, chala chachikulu cha kumanja m'kalamba kake, n'kumakoka mwachidule, mwamphamvu. Two-step yanga, nyimbo yovinira yothamanga, yayamba kudumpha.

Mawu apawiri nawo akubwera pang'onopang'ono. Oimba a kumeneko amakonda kukanikiza mabatani awiri a mawu ofanana, lina lapansi lina lapamwamba, kuti phokoso linenepe. Pokankha ndimagwira lachitatu ndi lachisanu ndi chimodzi, koma pokoka ndi lachitatu ndi lachisanu ndi chiwiri. Zala ziyenera kutambasuka ndi kufupika pa kutembenuka kulikonse. Pa waltz, nyimbo yovinira yoponda katatu katatu, ndikukwanitsa. Pa two-step chala chaching'ono chimachedwabe, ndipo ndikuchipatsa mphindi 15 m'mawa uliwonse.

Kuimba mu G pa kodiyoni ya C ndangoyambako sabata ino. Mawu ambiri amagwera pa kukoka, mvukuto umatambasuka mpaka mkono kutha, ndiye batani lotulutsira mpweya liyenera kugwira ntchito pakati pa nyimbo osadula kuimba. F sharp mulibe m'bokosili, nyimbo zimangomulambalala, ndipo kusowa kwakeko ndi kumene kumapatsa nyimbozi kulira kwachisoni kumene kunandikoka poyamba. Dzanja lamanzere lili ndi C pokankha, G pokoka, basi. Nthawi zina siligwirizana ndi zimene lamanja likuimba. Poyamba khutu linkakana. Tsopano ndikamva wina atasalaza zonse pa kodiyoni yaikulu, ndimamva kuti chinachake chachokamo.

Ku Eunice, tauni ya ku Louisiana, kusitolo ya Marc Savoy, amene wakhala akupanga makodiyoni otere kwa zaka zambiri, oimba amasonkhana Loweruka m'mawa kuimbira limodzi. Ndikufunitsitsa kukakhala kumbuyo tsiku lina ndi waltz imodzi yokha, yoti sindingaphonye. Ndasankha kale yoti ndiyambire. Mawa ndiimba ndi dzanja lamanzere lokha, phazi likuponda katatu katatu, mpaka zigwirizane.