Tayala la kabaza litaphulika kuseri kwa Ngabu

Tayala linaphulika titangodutsa chigayo chomaliza, msewu wa tala titausiya kalekale m'mbuyo. Wa kabaza anatsika, n'kuzula munga wa mthethe umene unalasa tayalalo, n'kundionetsa ngati kuti ndinautchera ndine. Pampu analibe, zomatira analibe. K3,000 yanga anali atalandiriratu pa Ngabu, ndipo zobweza ina sanafune n'kumva komwe. "Bwana, kwatsala pang'ono, ndi apa," anatero akuloza ndi mlomo chakumadzulo, kenako anatembenuza njinga yake n'kumaikankha kubwerera.

Ndinkapita kwa azakhali anga amene anakwatiwa chakumapiri a kumalire ndi Mozambique. Za ulendo wochokera ku Blantyre palibe chachilendo: kutsika makhotamakhota a ku Thabwa makutu akutseka, mlatho wa Kamuzu pa Shire, kanyenya wa mbuzi pa Dyeratu, minda ya nzimbe ya ku Nchalo yosaoneka polekezera. Mtengo wa minibasi musandifunse, umatengera kutalika kwa mzere wa mafuta tsiku limenelo komanso nkhope ya kondakitala.

Ndili chiimire pamenepo, panatulukira agogo ena akuchokera kuchigayo, dengu la ufa wa mapira lili pamutu. Pamwamba pa nsalu yovindikira ufawo anali atasanjikapo mapatapata awo. Iwo ankayenda chosavala.

"Mukupita kwa yani, bambo?"

Nditatchula mudzi ndi dzina la atsibweni, amuna awo a azakhaliwo, anagwedeza dzanja, poti mutu unali ndi katundu. "Ndi njira yanga imeneyo. Koma msewu uwu ngozungulira, mukafika kutada. Tiyeni tidulire m'munda."

Amene simunafikeko ku Ngabu, dothi lakumeneko ndi makande, lakuda bii, lija limakonda thonje. Nthawi ya dzinja limakakamira kuphazi mpaka nsapato kutsala m'matope. Mwezi wa September limakhala litauma gwa, litang'ambika ming'alu yoti dzanja lonse n'kulowamo. Kuwonjezera apo, ng'ombe zimakhala zitapondaponda lili lonyowa, ndiye mapazi ake aja amauma momwemo, timaenje tokhatokha tammbali mwakuthwa. Palibe malo awiri ofanana oti upondepo. Ine ndi nsapato zanga zamasewera za pa kaunjika, zapansi pochindikala, ndinkangopendekeka uku ndi uku, akakolo akulira. Agogo aja anali patsogolo, akuponya timasitepe tatifupitifupi, zala zakuphazi zitatambasuka, bondo litapindika pang'ono. Chiuno chinkagwedezeka, koma dengu lili phee. Ndinayenda m'mbuyo mwawo ndikuyang'ana zidendene zawozo kwa nthawi yaitali, mwina kuposa mmene ulemu umalolera.

Phazi la munthu lili ndi mafupa 26 ndi mfundo 33. Zonsezo sizinapangidwire simenti. Ife a mu ofesi timadzuka n'kuponda simenti, kukwera minibasi, kutsika n'kuponda tala, kukakhala pa kompyuta mpaka madzulo. Ngakhale tikati tayenda, sitepe iliyonse imakhala yofanana ndi inzake, ndiye kulemera kwa thupi kumagwera pa mfundo zomwezomwezo, pamalo omwewo, pomwe timinofu ting'onoting'ono ta kuphazi ndi m'mbali mwa akakolo tikungogona. Pa makande palibe kamnofu kogona. Phazi likapendekeka, mitsempha ya pansi pake imatumiza uthenga ku ubongo, chiuno ndi msana zimakonza thupi lisanagwe, ndipo zimenezi zimachitika sitepe iliyonse iwe osaganizako. Ndi maphunziro a kusadzandira amenewo, ndipo agogo aja akhala akuwachita kuyambira ali kamtsikana.

Titatuluka m'minda tinatsikira mu kamtsinje kouma, mchenga wokhawokha.

"Vulani nsapatozo. Mchenga ukalowamo mufika ndi matuza."

Ndinavula. Dzuwa linali litapendeka koma mchenga wapakati unkaotchabe, ndiye anandilondolera mmbali mwa gombe momwe munali mthunzi wa mabango. Kuyenda mu mchenga n'kwina. Ukaponda, pansi pamathawa. Ukati udzikankhe ndi zala, zalazo zimamira. Sipanatenge nthawi, akatumba anayamba kutentha, mpweya ukuperewera, malaya atanyowa. Ofufuza a ku Belgium anayeza zimenezi mu 1998 ndipo anapeza kuti kuyenda pa mchenga kumadya mphamvu zoposa kawiri poyerekeza ndi kuyenda pamalo olimba pa liwiro lomwelo. Ubwino wake ngwakuti mchenga sukubwezera nkhonya. Bondo langa lakumanja, limene limandivuta ndikamatsika masitepe a ku ntchito, silinadandaule ngakhale pang'ono mumtsinje muja.

Chakumtunda tinapeza amayi atatu atafukula dzenje mu mchenga, akudikira madzi kuti azisefukira pang'onopang'ono, n'kumatunga ndi chikho kuthira mu ndowa. Pamenepo m'pomwe munga unandipeza. Unalowa pakati pa phazi, n'kuthyokera momwemo. Agogo anatula dengu, anandikhazika pa mchenga, n'kupempha chikho cha madzi kwa amayi aja. Anatsuka phazi langa, analiika pa bondo pawo, anamasula pini ya pa bulauzi, n'kuyamba kutokosa mosafulumira, chala chachikulu chikufinya mmbali. Maso awo anali akuthwa kuposa anga. Kamunga katatuluka anakaika pa chikhatho changa kuti ndikaone.

"Mapazi ngati a khanda," anatero. Amayi aja anaseka mpaka mmodzi kutaya madzi. "Kwanu mumayenda pa chiyani, bambo?"

Ndinafuna kuwapatsa K1,000. Anaikankha. "Mugulire azakhali anu shuga."

Pansi pa phazi lawo panali chikopa chochindikala chimene munga ngati umenewo sukanachiboola msanga. Anthu ambiri amaganiza kuti phazi lotere ndi lakufa, silimva kanthu. Kafukufuku amene anatuluka mu 2019, woyerekeza anthu a ku Kenya ndi a ku America, anasonyeza kuti chikopa chokhuthala chifukwa choyenda chosavala chimateteza phazi koma sichichepetsa kumva kwake. Nsapato yochindikala ndiyo imabisa nthaka. N'chifukwa chake agogo ankadziwa pofewa ndi polimba asanaikepo thupi lonse, pomwe ine ndinkadziwa nditapendekeka kale.

Kutsidya kunali chitunda cha nsangalabwi ndi miyala yoswekasweka, mitengo ya malambe ili apo ndi apo. Apa ngakhale iwo anatsitsa mapatapata aja n'kuvala. Ndinakumbuka kuti ku Oregon, m'dziko la America, mu 2005 anayesa anthu opitirira zaka 60 powayendetsa pa timphasa tokhala ndi timiyala kwa masabata 16, ndipo kuthamanga kwa magazi kunatsika, kudzandira kunachepa, kuposa anzawo amene ankangoyenda pamalo osalala. Timphasa timeneti amagula ndi ndalama. Ndinawafotokozera agogo, iwo anangoti, "Abwere adzatole, tilime bwino."

Komabe ndisakunamizeni kuti anthu a kuchigwa amayenda chifukwa chofuna thanzi. Agogo aja amayenda chifukwa ndalama ya kabaza ndi yomweyo ya chigayo. Mayi wapakati amene akuyenda mtunda womwewo kupita kusikelo, kutentha kutapyola madigiri 40 mu October, sakuchita masewera olimbitsa thupi. Ndipo chidutsire namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, pali njira zimene zinasanduka zigwembe, zoti ngakhale phazi lozolowera limaima kaye n'kuganiza. Zimandinyansa ndikamva anthu a m'tauni akutamanda moyo wa kumudzi ali mu galimoto yoziziritsa.

Mukafuna kuyesa, yambani mmamawa dzuwa lisanakwiye, kapena madzulo ngati mmene zinandichitikira ine, ndipo madzi tengani ambiri kuposa amene mukuganiza. Musathamangire kuvula nsapato paliponse. Pafupi ndi midzi, makamaka ponyowa, pamakhala njoka zam'mimba zimene zimalowera pa khungu la kuphazi. M'madzi odikha muli likodzo. M'mbali mwa Shire ndi ku dambo la Elephant Marsh muli ng'ona, ndipo sizisankha mlendo. Amene muli ndi matenda a shuga musavule n'komwe, chifukwa mapazi amatha kuchita dzanzi, munga n'kulowa osaumva, bala n'kukula. Nsapato yopyapyala pansi, yopindika mosavuta, yotakasuka kuzala, imakupatsani gawo lalikulu la phindu lomwelo. Ofuna kuyenda m'tchire lenileni, ku Majete kuli maulendo apansi operekezedwa ndi asilikali a nyama, koma kumeneko konzekerani thumba.

Tinasiyana pa mjigo wa kumayambiriro kwa mudzi, iwo n'kukhotera kumanzere. Azakhali atamva kuti ndadulira m'makande anaika madzi pamoto, ndipo mmawa mwake ndinamva kuwawa m'malo amene sindinkadziwa kuti muli minofu: pansi pa phazi, m'mbali mwa miyendo, m'chiuno chakumbuyo. Msana, umene umandivutitsa Lachisanu lililonse ku ofesi, unali bwinobwino. Unadzayamba kuwawa pobwerera, atsibweni atandikweza ngolo ya ng'ombe yopita ku msika wa Ngabu kuti mlendo asavutikenso, ine nditakhala pa thumba la mapira, ngoloyo ikugunda mng'alu uliwonse.