Amene ndinati wafa si amalume

Popeza nkhaniyi yafika kale pagulu la WhatsApp la banja, ndipo ena mwayamba kundipatsa moni woti "zikomo a mlengezi wa maliro", ndiloleni ndiifotokoze ndekha isanamere nyanga. Inde, ndinakuwa kuti "Wafa!" pemphero lili mkati. Koma sindinkanena amalume. Ndinkanena munthu wina wamfuti amene anandizunza kuyambira kunyumba, mu minibasi monse, mpaka pamsonkhano wa komiti ya ukwati wa mlongo wanga, ndipo ameneyo anafadi.

Chinthu chimene azakhali akuchitcha "foni yaufiti" si foni. Ndi PSP, kamakina ka magemu ka Sony kamene kanatuluka ku Japan mu 2004. Yangayi ndi nkhalamba, chitseko chakumbuyo cholowetsera kadisiki ka UMD chimagwira ndi selotepi, ndipo ikamawerenga kadisikiko imalira ngati chigayo chakutali. Gemu imene inalimo ndi Ghost in the Shell: Stand Alone Complex ya 2005, yochokera ku katuni ya ku Japan ya dzina lomwelo imene a Production I.G anayamba kuonetsa mu 2002. Mukamva katuni musathamangire kunena kuti ndi za ana, monga anachitira a tcheyamani. Nkhani yake imachitika cha m'ma 2030, anthu ubongo wawo ndi wolumikizidwa ku makina moti chigawenga chitha kulowa m'mutu mwako uli chikhalire, ndipo amene amathana ndi zoterezi ndi gulu la chitetezo lotchedwa Section 9. Mu gemumo umasankha kukhala Major Motoko Kusanagi, Batou, Saito kapena Togusa. Ine ndimatenga Togusa, chifukwa ndi bambo wapabanja, anali wapolisi wamba, ndipo thupi lake lambiri ndi la mnofu, osati zitsulo. Munthu waulemu wake. Kumbali kwako kumayenda Tachikoma, kasinja wabuluu wamiyendo inayi amene amalankhula ndi timawu ta kamwana kosangalala ngakhale zipolopolo zikuvumba. Timawu timeneti mutisunge, tibweranso.

Tsono ichi ndi chimene oweruza nonsenu simukuchidziwa. PSP ili ndi kandodo kamodzi kokha koyendetsera, kumanzere. Chala chamanthu chakumanzere ndiye chimayendetsa munthu, koma kuti atembenuze mutu umachita kudina mabatani anayi akumanja aja, kamodzikamodzi. Ukafuna kuloza mdani, mfuti imapitirira n'kuloza denga. Ukaibweza, yaloza nsapato zako. Mdaniyo nthawi yonseyi akungokuthira. Ndiye tsiku limene mfuti yaima pamphumi pake penipeni, mawu satulukanso mwa chilolezo chako. Amene anagwirapo kamakina kameneka andichitira umboni.

Ine pamsonkhanopo ndinali wa zamayendedwe, ndipo nkhani yanga inali kumapeto kwenikweni. Amayi anali pa mtundu wa chitenje cha yunifolomu, kaya chikhale chobiriwira kaya chofiirira, ndipo mkanganowo unali utafika poti wina wakumbutsa mnzake za mbale imene inasowa pachinkhoswe cha chaka china. Ndinakokera mpando pakona, mahedifoni m'makutu, PSP pakati pa mawondo. Sindinasokoneze munthu. Pamene a tcheyamani, omwenso ndi mkulu wa mpingo, anati tipemphere kaye mitima itsike, mutu woyamba kuwerama m'chipinda chonsecho unali wanga. Ndamva kuti amayi ena anagwedezana n'kunong'onezana kuti mnyamatayu wasintha.

Mapemphero a a tcheyamani mukuwadziwa. Amayambira kumwamba, atsike kwa atsogoleri a dziko, adzere kwa a m'ndende ndi a paulendo, kenako afike kwa odwala. Zimene ananena pa odwalapo ndachita kuuzidwa, poti makutu anga anali ku Section 9. Akuti anatsitsa mawu n'kunena kuti, "Atate, kumbukirani mwinimbumba wa banja lino, amene wagonekedwa m'chipatala." Anapuma pang'ono kuti akoke mpweya.

Pakampata kameneko ndi pamene mfuti ya Togusa inaima pabwino.

"Wafa! Wafa ameneyo! Wandivutitsa mokwana!"

Ndinaimika ndi chibakera chomwe m'mwamba. Chimenecho sindikana, pali mboni zambiri.

Nditakweza maso ndinapeza nkhope zonse zili pa ine, a tcheyamani kukamwa kuli yasa, dzanja lawo likadali m'malere. Azakhali anayang'ana nkhope yanga, anayang'ana chinthu chowala m'manja mwanga, anayang'ananso nkhope yanga. Ndinaona ndi maso angawa nkhani ikulumikizana m'mutu mwawo, waya ndi waya. Anavula mpango paphewa, anaumanga m'chiuno mosafulumira, anakoka mpweya wonse wa m'chipindamo, n'kuutulutsa.

"Mayo ineee! Achimwene anga ineee!"

Abale anga, maliro amayenda. Ndisanachotse n'komwe hedifoni yachiwiri, amayi a nyumba yoyandikana anali atalowa kale pageti, duku kumutu. Anyamata anayamba kutulutsa mipando pabalaza. Wina kukhonde anayambitsa nyimbo, ena n'kuilandira m'mawu anayi. Msungichuma wa komiti, munthu wosataya nthawi, anatembenuza tsamba m'kope la zopereka za ukwati, n'kujambula mizere yatsopano. Ine ndikuti "ayi, ayi, si choncho, ndi gemu," koma m'chiphokoso chimenecho aliyense ankangondisisita pamsana kuti limba mtima mwanawe, wachita bwino kutiuza.

Kenako azakhali anafuna kumva okha. Ananditsomphola PSP m'manja, chingwe cha mahedifoni n'kuzuka, ndipo anaiika kukhutu chopingasa, mbali ya galasi itatsamira tsaya.

"Halo? Halo? Ndi a nesi?"

Tachikoma anayankha. Sindikudziwa kuti makina amadziwa bwanji nthawi yoipa, koma anayankha, ndi timawu take tonse tachisangalalo.

Azakhali anasiya kulira. Anakwinya nkhope. "Iwe mwana, tapereka foniyo kwa munthu wamkulu. Anthu tili pachisoni iwe ukuseka?"

Apa n'kuti gemu ikuyendabe, Togusa ataima tsonga pakati pa bwalo popanda womuyendetsa, ndipo anzake a malemu aja anali atamupeza. Mfuti zinayamba kulira m'khutu mwa azakhali. Anaichotsa, anaiyang'ana, anaibwezeranso kukhutu. Chipinda chonse chinati zii, ngakhale oimba aja.

"A tcheyamani," anatero monong'ona, "kuchipatalako kukulira mfuti."

A tcheyamani anayandikira n'kutchera khutu nawonso. Anthu awiri aulemu wawo, mitu itagundana, kumvetsera Togusa wanga akuphedwa. Ine ndinkaonera m'mbali mwa tsaya la azakhali moyo wake ukutsika, ukutsika, mpaka kutha. Ntchito ya tsiku lonse. Ndipo pakamwa pangapa, pamene panali patandiika kale m'mavuto, panatulukanso mawu ena, mwakachetechete koma omveka.

"Basi, mwamuphetsa nayenso."

"Winanso?!"

Za kulira kwachiwiriko sindifotokoza, munakumva nokha ngakhale inu a kutsidya kwa msewu.

Ena mukufunsa kuti bwanji sindinadine Start kuti gemu iime nthawi ya pemphero. Funso labwino, koma ndikanadziwa bwanji kuti pemphero layamba? Munthu amene anakhala pafupi nane ali ndi chigongono. Sanachigwiritse ntchito. Za iyeyo palibe akukamba. Komanso nkhani ya chitenje ikanatha nthawi yake, bwenzi ine ndili pa mitengo ya minibasi za operekeza mkwatibwi, osati pa zigawenga.

Amene anathetsa zonse ndi mkwatibwi mwiniwake. Anaimbira amalume pa foni yeniyeni n'kuika pa sipika. Anayankha akutafuna. Anati akupezako bwino, akuwatulutsa posachedwa, ndipo wina awabweretsere ndiwo zathupi chifukwa nyemba zawakwana. Atawafotokozera zimene zachitika anakhala chete kanthawi. Za kufa sanazitenge n'komwe. Anangofunsa kuti, "Amene wanena kuti ndamuvutitsa mokwanayo ndi ndani?"

Ku zamayendedwe andichotsako, pano ndili ku gulu lonyamula mipando. Chitenje anagwirizana chobiriwira. PSP ikadali m'chikwama cha azakhali, akuti aibweza a tcheyamani akaipempherera, ndipo batire lake likatheratu limavuta kudzuka. Amene mukupita kumeneko sabata ino mundiuze, ndikupatsireni tchaja.