Ulusi wa abwana wandionongera sabata

Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse: kuyala ulusi pa chowombera, kuwiritsa makungwa a mbawa opangira utoto, kuphunzitsa atsikana awiri atsopano kuti asamakoke ulusi ngati akukoka mbuzi. Oda yathu inali ya nsalu 12 zokoleka pakhoma, za loji ina ya kunyanja.

Lachitatu ulusi wa thonje unatha. Ndinali nditanena kale mwezi watha, koma paja mawu a woomba nsalu safika ku ofesi. Abwana anabwera ndi makoni a ulusi wa ku Limbe, oyera mbee, owala ngati kalilole. Nditangougwira ndinadziwa.

"Bwana, uwu ndi poliyesita, ulusi wa pulasitiki. Sumwa utoto wa makungwa."

"Mayi, inu nyikani basi. Wogula akadziwa bwanji?"

Ndinanyika. Alamu, mankhwala othandiza kuti utoto ugwire, ndinathira monga mwa nthawi zonse, mphika unatokota maola atatu, nkhuni zonse zapitira pomwepo. Potsuka, utoto wonse unatsikira m'beseni. Ulusi unatuluka wotuwa, mawangamawanga ngati galu wa nkhanambo. Ndiye Lachinayi m'mawa, pamaso pa ana omwe ndikuwaphunzitsa, akuti ineyo ndalakwitsa muyezo! Zaka 14 ndikunyika ulusi, lero ndiye ndaiwala mbawa?

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi kapepala komwe timasokerera pa nsalu iliyonse. Kamanena za machila, nsalu zomwe Amang'anja a m'Chigwa cha Shire ankaomba ndi thonje lolima okha, lopota pamanja. David Livingstone anazipeza zimenezi mu 1859, anthu akupota ndi kuomba m'midzi. Mizere ya pa nsalu zathu ndinaitengera ku mikeka ya mlaza yomwe agogo anga ankaluka ku Nsanje. Mbiri imeneyi ndiyo timagulitsa, ndipo ndiyo ikweza mtengo. Tsono tiimate pa pulasitiki? Thonje lili mbwee ku Chikwawa, Balaka ndi Salima, koma limachoka litangochotsedwa njere, ife n'kumasakasaka ulusi ngati mankhwala.

Ndinakana kuomba. Lachisanu ndinatulutsa thonje lomwe ndinasunga kunyumba, tinakhala pansi atatu n'kumapota. Pofika Loweruka masana tinali ndi ulusi wokwana nsalu imodzi yokha, zala zitatupa. Zotsala 11 abwana akuti tikambirana Lolemba. Makoni awo aja ndawaika pa tebulo lawo, pamwamba pa buku la malisiti.