Buku lopanda chikuto linandikanganitsa ndi bwana Lachitatu

Ndikulemba izi Loweruka, mtima usanatsike. Anzanga amene mumaphunzitsa ana m'makomo mwa anthu mukudziwa kale kuti kwa ife hedimasitala ndi kholo, ndipo kholo likakunyoza palibe komiti yokadandaulako.

Ndimaphunzitsa ana atatu a banja lina kuno ku Nchalo. Anawachotsa kusukulu namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, makalasi atasanduka misasa ya othawa madzi, ndipo sanawabwezerenso. Timayamba 6 koloko m'mawa pansi pa mtengo wa nimu, chifukwa Okutobala wa kuchigwa kuno ikamati 11 koloko mutu sugwiranso kanthu. Lolemba ndi Lachiwiri zinali zomwe zija: masamu, Chingelezi, wamng'ono kulilira pensulo ya mkulu wake.

Lachitatu inali mbiri yakale. Buku la kusukulu nkhani ya David Livingstone linaipanikiza pa theka la tsamba: chaka, mapu okhala ndi mivi, mafunso kumapeto. Mtsikana wachisamba analoweza 1859 katatu, katatu konse n'kuiwala. Ndiye ndinatulutsa langa, lachikalekale, lomwe ndinagula kwa ogulitsa mabuku m'mbali mwa msewu ku Limbe. Chikuto lilibe, chiswe chinadya ngodya imodzi. Ndimawerenga ndime m'Chingelezi, ndifotokoze m'Chichewa, nditseke, iwo andibwezere nkhaniyo m'mawu awo. Njira imeneyi sindinaipeke ine. Mphunzitsi wa ku England, Charlotte Mason, yemwe anamwalira mu 1923, ankaumirira kuti mwana apatsidwe buku lolembedwa ndi munthu wokonda nkhani yake, kenako aifotokoze yekha. Agogo athu ankachita zomwezo pamoto, kungoti iwo sanalembe.

Tinali pa sitima ya Livingstone yotchedwa Ma Robert, yodya nkhuni ngati uvuni wa njerwa, ikukwera Shire movutikira mu Januwale 1859, kudutsa dambo lodzaza njovu, mpaka mathithi a Kapichira anaikaniza njira. Mnyamata wapakati, amene sabata yonse amatha osatsegula pakamwa, anadzutsa mutu.

“Aphunzitsi, Kapichira yomwe ija inatithimitsira magetsi?”

Yomweyo, ndinatero, ija inaonongeka ndi namondwe wa Ana mu 2022. Titafika pa Amakololo, anthu omwe Livingstone anabwera nawo kuchokera kumtunda kwa Zambezi n'kutsalira kuno iye atapita, ndinatchula Kasisi, Katunga, Maseya. Mwana uja maso tong'o. Mayinawa amawamva tsiku lililonse pa siteji, makondakitala akuitanira anthu.

“Ndiye kuti mafumu amenewa anali obwera? Nanga a Lundu anali kuti pamene iwo amatenga dziko?”

Zaka zonse ndagwira choko, funso lotere silinatulukepo kumapeto kwa mutu uliwonse wa buku la kusukulu. Ndinali nditangoyamba kuyankha, bambo awo anatulukira kuchokera ku shifiti ya usiku.

Anaima kaye, kumvetsera pang'ono. Kenako anatola buku lija ndi zala ziwiri, ngati khoswe wakufa.

“Aphunzitsi, ndalama zanga zikuthera nthano? A MANEB adzafunsa za njovu?”

Pamaso pa ana, anzanga. Ndinameza malovu. “Bambo, tamufunsani mwanayu zomwe wamva lero.” Sanamufunse. Chimene chikundiwawa mpaka pano n'chimenecho. Mnyamata anali atakonzeka, milomo ikunjenjemera kufuna kufotokoza, bambo ake n'kulowa m'nyumba ndi buku langa kukhwapa, akuti kuyambira mawa akufuna aone mapepala a mayeso akale basi.

Mantha awo ndikuwamvetsa. Mtsikanayu chaka chamawa alemba za Sitandade 8, ndipo wochonga safuna nkhani, amafuna yankho. Nalonso buku langalo si loyera: analemba ndi mzungu wa nthawi imeneyo, pena amatchula makolo athu mayina oti ndimachita kudumpha, pena ndimaima n'kuwafunsa ana ngati Mmang'anja wa pa Chibisa akanaifotokoza choncho. Likanakhalapo la Chichewa lokoma chotere ndikanalitaya kalekale, koma kuno ukalipeza kuti? Chondipsetsa mtima n'choti bambo omwewa analonjeza mu Januwale kugula mabuku owerenga ndi bolodi. Mpaka lero ndimalemba pa chidutswa cha pulayiwudi, choko ndimagula ndekha, malipiro a Seputembala anabwera mwezi uno uli pakati. Woti sanagule ngakhale buku limodzi ndiye akulanda langa.

Lachinayi ndi Lachisanu tinachita zofuna bwana. A, B, C, D, chonga, chonga. Mnyamata anabwerera m'chigoba mwake. Ine ndinkangoyang'ana dzuwa kuti likwere tiweruke.

Dzulo ndikudikira kabaza, mayi awo ananditsatira kuseri kwa mpanda, atafumbata kanthu m'chitenje. Linali buku lija.

“Pepani aphunzitsi, anzanuwa anali atatopa. Koma tandiuzani, Amakololowo anathana nawo bwanji a Lundu? Mwanayu sakundigonetsa.”

Ndinawauza kuti tikadali patsamba lomwelo. Lolemba ndilitenganso, likakhala pansi pa mapepala a mayeso m'chikwama, ndipo bambo sabata ikubwerayi ali pa shifiti ya m'mawa.