Loweruka pa zimbale za amalume

Tsiku lonse lalero lathera pa zimbale za amalume. Anabwera nazo dzulo madzulo m'jumbo, zambiri za makwaya, zina za oyimba akale zomwe ankagula ku Limbe nthawi imene ankagwira ntchito kumeneko. Deki yawo ndi yakale, ilibe polowetsa fulashi, ndipo CD imodzi siipitirira mphindi 80. Mawondo awo sakulolanso zodzukadzuka kukasintha chimbale, ndiye anandipempha ndiwaikire nyimbozo pa DVD kuti azingomvera masana onse ali khale.

M'mawa ndinayamba ndi kupukuta zimbalezo ndi kansalu kofewa, kuchokera pakati kupita m'mphepete. Mozungulira sindipukuta, chifukwa kukalika kotsata mzere wa nyimbo ndi komwe kumasokoneza makina powerenga. Kenako ndinatsegula Exact Audio Copy, pulogalamu yaulere yomwe Andre Wiethoff wa ku Germany anatulutsa mu 1998. Imachedwa, koma imawerenga malo aliwonse mobwereza, ndipo ikakayikira penapake imakuuzani nyimbo yake ndi mphindi yake. Zonse ndinazisunga ngati WAV, mtundu wa fayilo womwe supanikiza mawu. MP3 ndaikana dala. Anyamata obena nyimbo pamsika amapanikiza zonse pa 128 kbps pamene CD imayenda pa 1,411 kbps (kbps ndi muyeso wa kuchuluka kwa deta pa sekondi iliyonse ya nyimbo), ndipo pa kwaya kusiyanako kumamveka: mawu a amayi akakwera pamwamba amakhala ngati akunyenyeka.

Povuta panali apa. Kuyambira 1982, pomwe Sony ndi Philips anatulutsa CD, mawu ake amasungidwa pa 16-bit ndi 44.1 kHz, kutanthauza kuti amayezedwa ka 44,100 pa sekondi, muyeso uliwonse n'kulembedwa ndi ma bit 16. DVD wamba ya mafilimu salandira 44.1 kHz, imafuna 48 kapena 96. Pali mtundu wina wotchedwa DVD-Audio womwe umalandira 44.1 momwe iliri, koma madeki ambiri a m'nyumba zathu sauwerenga, ndipo ya amalume ili m'gulu limenelo. Choncho fayilo iliyonse ndinaisintha kupita pa 48 kHz ndi pulogalamu ya SoX, yomwe imagwira ntchitoyi mosamala kwambiri moti khutu silimva kusintha.

Cha m'ma 11 amalume anaimba foni.

"Mphwanga, akuti mukaika pa 96 zimveka bwino kuposa CD. Mundiikire imeneyo."

"Ayi amalume, amene wakuuzaniyo wakunamizani. Zomwe sizinalowe pa CD sizingabadwe pa DVD."

Anaseka, koma ine nkhaniyi imandikhudza, chifukwa anthu amalipira ndalama pa bodza limeneli. Kuika nyimbo ya CD pa 24-bit ndi 96 kHz kuli ngati kuthira madzi a m'kapu mu ndowa: chotengera chakula, madzi ndi omwewo. Ndipo pali chotayika. DVD ya 4.7 GB imanyamula nyimbo za maola opitirira 6 pa 16-bit ndi 48 kHz, koma pa 24-bit ndi 96 kHz fayilo imakula katatu, n'kutsala maola awiri ndi timphindi. Amalume akanabwereranso kodzukadzuka komwe akuthawako. Ubwino weniweni wa ntchitoyi ndi wakuti mawu a pa CD afike pa DVD osachepetsedwa, ndipo zimbale zisanu zikwane pa chimodzi.

Masana magetsi anazima, ndinapita kukadya nsima, batire ya laputopu ndaisunga.

Atayaka ndinapereka mafayilo kwa Lplex, kapulogalamu kopanga DVD ya nyimbo zokhazokha. Deki imayembekezera chithunzi, ndiye kamaika chithunzi chosayenda pa nyimbo iliyonse, mawu n'kuwasiya ali LPCM, osapanikizidwa. Ndinasankha PAL monga momwe ma TV athu kuno alili. Katamaliza kanatulutsa foda ya VIDEO_TS, ndipo ndinaibena ndi pulogalamu ya ImgBurn pa DVD-R, pa liwiro la 4x. Madeki akale amakonda DVD-R kuposa DVD+R, ndipo kubena mothamanga pa zimbale zotchipa za m'magolosale kumabweretsa zodumphadumpha.

Madzulo ndinayesa pa deki ya pabalaza pathu. Yawerenga mosavuta, batani lodumphira nyimbo likugwira, ndipo mawu a besi a abambo a m'kwaya akumveka odzaza monga pa CD yeniyeni. Dongosolo la nyimbo ndalilemba papepala ndi zilembo zikuluzikulu, chifukwa maso a amalume saonanso timalemba ta pa TV.

Chimbale chimodzi chokha ndicho chandikana. Chakalika kwambiri m'mphepete, komwe kumakhala nyimbo zomaliza, popeza CD imawerengedwa kuyambira pakati. Ndi cha kwaya ya kumpingo kwawo, chojambulidwa kalekale, ndipo m'sitolo simungachipezenso. Mawa tikaweruka kutchalitchi ndikafunsa amayi a m'kwayamo ngati alipo amene anasunga chake, apo ayi ndikachiyesa pa kompyuta ya mnzanga yomwe makina ake owerengera ndi atsopanoko.