Tulo ndinaiwala kale ine

Mwana wanga wakwanitsa miyezi 4 dzulo koma abale tulo ndinaiwala kuti timakoma bwanji. Kuno ku Matawale ndi kuzizira kwa Juni kochokera kuphiriku matewera sakuuma, kuyanika m'mawa kufika madzulo akadali onyowa mpaka ndimachita kuumitsa pambaula.

Apongozi anabwera kuchokera ku Jali, akuti "amake mwana, mpatseni phala uyu, ikumuliza ndi njala", ine ndimvekere ayi amayi kusikelo anati bere lokha mpaka miyezi 6, anangoti mhm. Koma kumanga chitenje kokha andiphunzitsa, ndikamubereka kupita kumsika kukagula matemba a ku Chilwa amakhala ali phee kumbuyoku, kungofika pakhomo basi wayamba.